Nswala ya ku Nchanga

Wambani ng'oma, anyamata, chikopa chimve moto. Matani phula pamimba pa mpanje kuti liwu lake litsike pansi. Mbalule ayambe, gunda avomere, manja agwere pamodzi. Amayi a ku Garneton, a kuno ku Itimpi, konzani kukhosi, tikufuna nthungululu yomveka mpaka kutsidya kwa Mwambashi. Ng'oma ya lero si ya maliro ayi. Amene tikumutamanda ali moyo, akuyenda, makutu ake akumva. Tinazolowera kudikira kuti munthu agone kaye m'bokosi ndiye tiyambe kunena zabwino zake. Lero chizolowezi chimenecho tachikana.

Samuel Matete! A Matete, imvani dzina lanu likulira pachikopa!

Inu Nswala ya ku Nchanga. Inu Mdumphampanda, wosafunsa kumene kuli chipata. Inu Mwerengamapazi, woonkhetsa masamu mtima ukugunda m'khosi. Inu Kamvuluvulu wa ku Kopala, wozungulira bwalo kamodzi kokha, anthu n'kutsala akufunsana kuti wadutsayu ndani. Mkuwa wosachita dzimbiri, mwendo wautali wa ku Chingola, tabwera kudzakuombani m'manja.

Msewu uwu wodutsa pafupi ndi makomo athu, wochoka ku Kitwe kudzera ku Chambishi, umene malole a mkuwa amaupondereza usana ndi usiku, ukautsata ukufikitsa ku Chingola. Kumeneko, m'tauni ya chidzenje chachikulu cha mgodi wa Nchanga, pa 27 Julayi 1968, dziko la Zambia lisanakwanitse zaka zinayi za ufulu, kunabadwa mwana wamwamuna. Nthaka ya kumeneko inali itazolowera kutulutsa mkuwa wopita kunja n'kukagulidwa ndi eni ndalama. Tsiku limenelo inatulutsa chinthu china, chopita kunja n'kubwerako chitasenza dzina la dziko.

Kumaiko a chisanu, ku Norway, ku Germany, ku France, ali ndi masewera awo otchedwa biathlon. Munthu amatsetsereka pa chipale mtunda wautali, mfuti ili kumsana, mpaka mpweya kumuthera. Kenaka amagona pansi kapena kuima chilili, n'kulasa timadontho tisanu tili pa mtunda wa mamita 50, mtima ukadali kugunda. Akaphonya, chilango chimamuyembekezera pomwepo. Kumeneko amatamanda Ole Einar Bjørndalen wa ku Norway, amene anatuta mamendulo 13 pa masewera a Olimpiki, 8 mwa iwo a golide. Atamandeni ndithu, ndi woyenera. Kuno chipale sichigwa. Mwezi wa Juni umangotipatsa mame ozizira ndi utsi wa mbaula. Koma munthu wosenza ntchito ziwiri m'thupi limodzi, liwiro ndi kudekha, ukali ndi muyeso, ifenso tili naye, ndipo ndi uyu tamuikira ng'omayu.

Tamverani, inu amene simunaonepo, ndikuuzeni ntchito ya munthu ameneyu. Bwalo ndi lozungulira, mamita 400. M'njira ya wothamanga aliyense aimikamo zopinga khumi, chilichonse chotalika masentimita 91.4, chofika cha m'chiuno mwa munthu wamkulu. Mfuti ikalira, phaa! pali mamita 45 kuti ufike pa choyamba. Kuchoka apo, mamita 35, chopinga. Mamita 35, chopinga. Osapuma mpaka chakhumi. Ukatsika chakhumicho kwatsala mamita 40 opanda chopinga, ndipo mamita 40 amenewo ndiwo amagwetsa amuna.

Pakati pa chopinga ndi chinzake akatswiri amaponda mapazi 13, osaonjezera, osachotsera. Ombani, anyamata, ka 13, kenaka dukizani! Ombaninso ka 13, dukizani! Ndi momwemo. Zili ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi: wina akangochedwa kukweza, minsi iwombana, mphale n'kumwazika. Phazi likafupika ndi chikhatho chimodzi, ufika pachopinga ndi mwendo wolakwika, uyamba kudodoma, anzako apita. Ndiye pofika cha pa chopinga chachisanu ndi chiwiri ntchafu zalemera, pakhosi pakuotcha, mapazi ayamba kufupika okha osakufunsa. Apa ndi pamene nzeru ziyenera kudekha thupi likuyaka: usinthe kawerengedwe, uponde 14, utsogoze mwendo winawo, koma liwiro usalitaye. Wosadziwa amalumphira m'mwamba n'kutaya nthawi mumlengalenga. Katswiri amangopyola: mwendo wakutsogolo wawongoka, wakumbuyo wapindikira m'mbali, chifuwa chaweramira pabondo, nsapato yadutsa pamwamba pa mpiringidzo mpata wa chala chimodzi, phazi lagwa pansi likuthamanga kale.

Imeneyo ndiyo ntchito yanu, Mpyolampiringidzo. Imeneyo ndiyo munaisankha, Wosadodoma, Wofika-ndi-mwendo-woyenera, Mwini-khona-lomaliza.

Simunamere panokha ayi, ndipo ng'oma iyenera kutchula amene anatsogola. Tchulani Yotham Muleya, mwana wa dziko lino, amene mu 1958, wopanda nsapato kuphazi, anagonjetsa Gordon Pirie wa ku Britain pa mtunda wa mamailosi atatu ku Salisbury, masiku amene ena ankakana kuti munthu wakuda athamange bwalo limodzi ndi azungu. Chaka chotsatira ngozi ya galimoto inamutenga ku America, akadali mnyamata. Tchulani John Akii-Bua wa ku Uganda, amene ku Munich mu 1972 anadutsa zopinga khumi zomwezi mu masekondi 47.82, munthu woyamba pa dziko lapansi kutsika pansi pa 48. Inu nthawi imeneyo munali ndi zaka zinayi. Tchulani Amadou Dia Ba wa ku Senegal, amene ku Seoul mu 1988 anatenga siliva ndi 47.23, katswiri Edwin Moses wa ku America mwini wake ali kumbuyo kwake. Ku Seoul kumeneko inunso munaliko, mnyamata wa zaka 20, pa Olimpiki yanu yoyamba. Munabwerako manja ali lende, koma maso anali ataona pamene amuna amafika.

Kenaka ulendo wa kutali. Blinn College ku Texas, Auburn University ku Alabama. M'mawa m'kalasi, madzulo pabwalo, tsiku ndi tsiku zopinga zomwezo, mapazi omwewo, kubwereza mpaka miyendo idziwe yokha. Ife a kuno ku migodi ulendo wotere timaudziwa. Makolo a ambiri mwa ife anachoka ku Chipata, ku Katete, ku Dedza, ku Kasungu, kubwera kudzakumba mkuwa pakati pa anthu a chilankhulo china, ndipo anatiuza kulemera kwa kukhala mlendo. Inu munapita kutali kuposa iwo, kutsidya kwa nyanja yamchere, chuma chanu chonse chili m'miyendo. Mlendo-wosataya-kwawo, Wopita-n'kubwera, tikuoneni!

Tsopano kwezani liwu, mbalule, tafika pa 1991.

Pa 7 Ogasiti, mumzinda wa Zurich ku Switzerland, pa bwalo la Letzigrund pamene akatswiri a dziko lonse amasonkhana chaka ndi chaka, wotchi inaima pa 47.10. Nenani nane, ana a ku Garneton: 47.10! Nenani nane, a ku Chimwemwe, a ku Wusakile, a ku Chamboli, a ku Mindolo: 47.10! Tsiku limenelo panali munthu mmodzi yekha pansi pa thambo amene anali atathamangapo mtunda umenewu mofulumira kuposa apo, Edwin Moses wa ku America, ndi 47.02 yake ya mu 1983. Mwana wa ku Chingola anatsala pang'ono kuikhudza, mpata wake wochepa kuposa kuphethira kwa diso. Nambala imeneyo inakhala rekodi ya Africa yonse, ndipo zaka zoposa 30 zinadutsa ili chikhalire. Ana anabadwa, anakula, anakwatira, anabereka ana awo, nsapato zothamangira zinasintha, mabwalo anasintha, koma kuchokera ku Cairo mpaka ku Cape Town wa mu Africa woigwetsa osaoneka.

Mwezi womwewo usanathe, ku Tokyo. Mpikisano wa akatswiri a dziko lonse lapansi. Winthrop Graham wa ku Jamaica ali pomwepo, Kriss Akabusi wa ku Britain ali pomwepo, amuna okhwima, odziwa ntchito. Mfuti inalira, zopinga khumi zinadutsa, ndipo woyamba kugwetsa chifuwa pamzere anali inu, 47.64, Graham kumbuyo, Akabusi kumbuyo kwa Graham. Zaka 23 zokha. Mbendera yobiriwira ya nkhwazi inakwera pamwamba pa zinzake, nyimbo ya fuko la Zambia inaimbidwa ku Japan, anthu a mitundu yonse ataimirira. Palibe mwana wa Zambia amene anali atakhalapo katswiri wa dziko lonse pa masewera othamanga. Woyamba ndinu.

Kumbukirani mmene zinthu zinalili kuno kwathu masiku amenewo, kuti mumvetse kukula kwa mphatsoyo. Ufa unali utakwera mtengo mpaka anthu anachita zipolowe mu Juni 1990. Amayi ankalawirira pa mizere ya shuga, ya sopo, ya mafuta ophikira. Dziko linali kulunjika ku chisankho cha pa 31 Okutobala 1991, m'mabasi ndi m'misika anthu akukangana, uyu wa Kaunda, uyu wa Chiluba. Pakati pa zonsezo kunabwera uthenga umene sunafunse munthu chipani chake. Wa UNIP anasangalala, wa MMD anasangalala, wa m'godi wotuluka pansi ndi nyali pachipumi anasangalala. Chaka chomwecho timu ya mpira ya Power Dynamos ya kuno ku Kitwe inagonjetsa BCC Lions ya ku Nigeria n'kubweretsa chikho cha Africa pa bwalo lake la Arthur Davies. Kopala inayenda chifuwa chili patsogolo chaka chimenecho, ngakhale m'matumba munalibe kanthu.

Mgwirizanitsi-wa-okangana! Mtonthozi-wa-pamzere-wa-ufa! Golide-wa-dziko-la-mkuwa! Lululululu!

Tsitsani manja pang'ono, anyamata. Mpanje yekha alankhule, pakuti wotamanda woona sabisa tsiku loipa.

Barcelona, 1992. Munapita ngati katswiri wa dziko lonse, maso a Zambia yense ali pa inu, aliyense akuwerengera golide wa Olimpiki. Pa ndime ya semifainolo oweruza anakuchotsani mu mpikisano. Mpikisano womaliza unachitika inu mulibe, ndipo Kevin Young wa ku America anathamanga 46.78, kugwetsa rekodi ya Moses. Masewera amenewa ndi ankhanza chotero: zaka zinayi za thukuta zitha kutayika pa chopinga chimodzi, ndipo palibe wokupatsa mwayi wobwereza. Ambiri zikawagwera zotere sabwereranso. Amayamba kuloza zala, amazimirira. Inu mwezi wotsatira munali ku Havana, mutavala malaya a timu ya Africa pa World Cup ya masewera othamanga, ndipo munapambana. Kwa ine, a Matete, apa ndi pamene pali ukulu wanu, kuposa ngakhale ku Tokyo. Kupambana uli mnyamata wosadziwa kugwa n'kokoma, koma kudzuka fumbi lili kumaso, dziko lonse litakuona ukugwa, n'kukaimanso pamzere woyambira, zimenezo zimafuna chiwindi.

Wogwa-n'kudzuka. Wosaloza-chala. Wopukuta-fumbi-ali-chilili.

Ndipo dziko linali lisanathe kulira. Usiku wa pa 27 Epulo 1993 ndege yonyamula timu ya mpira ya Zambia, pa ulendo wa ku Senegal, inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon. Anthu 30 anatha, 18 mwa iwo osewera. Kuno ku Kopala maliro amenewo anali a pakhomo: anyamata a Nkana, a Power Dynamos, a Mufulira Wanderers, anthu amene tinkawaona ndi maso Loweruka ndi Lamulungu, pamodzi ndi mphunzitsi wawo Godfrey Chitalu. Miyezi inayi isanathe, ku Stuttgart ku Germany, inu munaima pamzere mutavala mtundu womwewo umene anzanu anafa atavala. Kevin Young anatsogola ndi 47.18, inu 47.60, siliva, Graham akukupumirani m'khosi. Dziko lamasiye linaona mbendera yake ikukweranso.

Victoria ku Canada, 1994, masewera a Commonwealth: golide. London chaka chomwecho, World Cup: woyamba. Johannesburg 1998, World Cup kachitatu: woyamba, pa nthaka ya Africa. Ombani mofulumira apa, anyamata, zipambano zachuluka, tikati tiime pa chilichonse kuticherera.

Koma pa dzina limodzi tiime: Derrick Adkins wa ku America, mnzanu wolimbana naye, amene munapikisana naye kambirimbiri, lero uyu mawa uyo. Ku Gothenburg mu 1995 iye 47.98, inu 48.03. Ku Atlanta mu 1996, kwawo kwa iyeyo, bwalo lonse likumukuwira, mumzinda umene bomba linaphulika tsiku lomwe inu munakwanitsa zaka 28, munakumananso pa mpikisano womaliza wa Olimpiki pa 1 Ogasiti. Iye 47.54, inu 47.78, Calvin Davis wachitatu. Mendulo ya siliva ya Olimpiki inalowa m'khosi mwa mwana wa ku Chingola, zaka zinayi chichokereni pa misozi ya ku Barcelona.

Alipo ena amati siliva ndi kulephera. Amenewo abwere kuno awerenge nafe. Chiyambire kupita ku Olimpiki, Zambia inali ndi mendulo imodzi yokha, ya bulonzi, imene Keith Mwila anaitenga pa nkhonya ku Los Angeles mu 1984. Yanu inali yachiwiri, ndipo mpaka lero palibe wa ku Zambia amene wakwera pamwamba pa siliva ameneyo. Awerengenso izi: Tokyo 1991, Stuttgart 1993, Gothenburg 1995, mipikisano itatu yotsatizana ya akatswiri a dziko lonse, ndipo pa uliwonse munthu wa ku Zambia anali woyamba kapena wachiwiri. Amene ankakutsogolerani ankasinthana, Young wabwera wapita, Adkins wabwera, koma inu munali pomwepo. Pa masewera amene ntchafu imang'ambika ngati munthu waponda molakwa kamodzi, kukhala pamwamba zaka zonsezo si mwayi. Ndi kugona msanga anzako akupita kokasangalala, ndi kudzuka thupi likukana, ndi kudziletsa kumene kulibe wokuombera m'manja.

Msatopa! Mkhalapamwamba! Wopita-kanayi-ku-Olimpiki, pakuti Seoul inakuonani, Barcelona inakuonani, Atlanta inakuvekani, ndipo Sydney mu 2000 inakuonaninso muli ndi zaka 32, mukadali kupyola mipiringidzo pamodzi ndi ana amene anakula akumva dzina lanu.

Chaka chomwecho cha 2000 migodi ya Nchanga ndi Nkana inachoka m'manja mwa kampani ya ZCCM n'kugulitsidwa. Akuluakulu a kuno akudziwa chimene chinapita nayo. Kale mgodi unkasamala mabwalo, makalabu, maholo a nkhonya, madamu osambiramo. Mwana wa m'komboni ankapeza pothamangira ndi womuphunzitsa. Ndi nthaka imeneyo inalera Lottie Mwale, Gunduzani wa nkhonya, ndi osewera mpira osawerengeka. Pambuyo pake udzu unamera m'mabwalo ambiri, mizere yoyera inafufutika, zitsulo zinazulidwa. Ndiye tisadabwe kuti kuchoka pa siliva wa ku Atlanta panadutsa zaka 28 Zambia isanaonenso mendulo ya Olimpiki, mpaka Muzala Samukonga anatenga bulonzi pa mamita 400 ku Paris mu 2024, ndi 43.74, atatenga kale golide wa Commonwealth ku Birmingham mu 2022. Mtunda wake ndi womwewo, kuzungulira bwalo kamodzi. Mwanayo timuombere m'manja, ndipo tikumbukire amene analambula njira.

Inu mutavula nsapato za mpikisano simunaiwale kwanu. Munatembenukira kwa ana, kuwaphunzitsa kuima pamzere, kukweza bondo, kuwerenga mapazi. Munthu amene dzina lake linalengezedwa ku Tokyo ndi ku Atlanta, kuwerama n'kumakonza phazi la mwana amene sanavalepo nsapato yothamangira: ulemu wotere sugulidwa. Mphunzitsi-wa-osadziwika, Mlambulanjira, Nkhokwe-ya-luso, landirani manja athu onse awiri.

A ku Ndola, mwamva? A ku Chifubu, a ku Masala, a ku Lubuto, a ku Kabushi, vomerani! A ku Chiwempala kwawo kwa mkuwa, vomerani! A kuno ku Garneton, kumene misewu inatchedwa maina a miyala ya mtengo wapatali, dziwani kuti mwala woposa yonseyo unatuluka pamtunda pomwepa, ulendo wosakwana ola limodzi pa basi.

Tsopano mawu anga atembenukire kwa inu mwakhala pansi. Aphunzitsi aakulu a masukulu a ku Kitwe ndi ku Ndola, bwalo muli nalo, ngakhale la fumbi. Tengani chingwe muyeze: mamita 45, kenaka 35 kasanu ndi kanayi, kenaka 40. Amisiri a matabwa ndi owotcherera zitsulo a ku Chisokone, chopinga si ndege: miyendo iwiri ndi thabwa lopingasa, masentimita 91.4 kwa amuna, 76.2 kwa akazi, chocheperapo kwa ana, chopangidwa kuti chizigwa chikagundidwa. Eni migodi a lero, makhansala, inu amene malole anu amadutsa pano, ku Ndola kuli bwalo la Levy Mwanawasa lotsegulidwa mu 2012, lili ndi njira zothamangamo. Lipirani basi, ana a m'makomboni akapondepo. Makolo, mwana wamkazi kapena wamwamuna akamadumpha ngalande pobwera kusukulu, musamukalipire msanga. Muuzeni kuti kunali munthu wa ku Chingola amene anathamanga 47.10, ndipo mupite naye kwa mphunzitsi wa masewera sabata ino.